Tsiku Limene Mimba ya Batire Inati Zii

A Khutu sanapiteko kusukulu ya zamagetsi, ndipo amene anapitako abwere kuno adzakonze wayilesi imene yawakanika a Khutu, tione. Ntchito anaiphunzira ali mnyamata pomasula wayilesi ya bambo awo, nakwapulidwa, naimasulanso m'mawa mwake. Dzina lawo lenileni lili pachitupa basi. Msewu wonse umawatcha a Khutu chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Ukawabweretsera wayilesi yodwala sathamangira chomasulira. Amayamba aiyatsa, n'kuikumbatira ngati khanda, n'kugunditsa khutu kumsana kwake, maso ali tsinzi. Ukayankhula amakukwezera chala. Pakapita kamphindi amati, "Ikulirira cha kumanzere uku," ndipo akatsegula vuto limapezekadi pomwepo. Anyamata a masiku ano, a timamita tawo tophethira, amaseka. Aziseka. Zikawathina amabwera nazo kwa a Khutu chozemba, atazikulunga m'jumbo kuti anzawo asaone.

Shopu yawo ndi chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu, chogona chili kuseri kwa katani. Mkatimo mawaya anali mbwee. Ena olendewera pamisomali, ena okwawa m'mphepete mwa khoma, ena ongodzipinda pansi pa tebulo ngati njoka zokhuta. Mwini wake ankamudziwa waya aliyense kochokera ndi kopita, ndipo wosesa asayerekeze kusuntha ngakhale mmodzi.

Akazi awo ankagulitsa masamba pakona ya msewu womwewo. Anakhala limodzi zaka makumi atatu ndi zinayi, mayi akuyankhulira onse awiri, bambo akumvetsera, poti kumvetsera ndiye inali ntchito yawo. Tsiku lina mayiwo anabwera ndi kamwana ka kalulu m'dengu, kotuwa, khutu limodzi logwa. Anati masamba otsala asamangotayidwa. A Khutu anakana masiku awiri, lachitatu anapezeka akukatcha dzina. Anati ndi Batire, chifukwa kanalibe nthawi yotha mphamvu. Patatha zaka ziwiri mayi aja anadwala, namwalira. Anthu anabwera, analira, anabalalika. M'nyumba munatsala a Khutu, mawaya ndi Batire.

Kuyambira pamenepo munthu wosayankhula uja anayamba kuyankhula, koma ndi kalulu. Akakhala patebulo la ntchito, Batire ankagona pamapazi awo. M'mawa ankagawana buledi. Masana bisiketi. "Waona, Batire? Ameneyu anathira madzi m'sipika, koma akuti inangosiya yokha." Batire n'kugwedeza mphuno. Kwa a Khutu yankho limenelo linali lokwanira, ndipo kunena zoona linkaposa mayankho a anthu ambiri a mumsewu muno.

Tsono a Khutu ali ndi mwana mmodzi wamkazi, kalaliki wa m'maofesi a m'mwamba aja amene zenera silitsegulidwa. Mumsewu amamutcha Ukhondo, kumbali. Bambo ake amawakonda, zimenezo asatsutse munthu, koma chikondi chake chimanunkha sopo. Loweruka lililonse ankafika ndi tsache, mankhwala opopera ndi nkhope ya munthu woyendera ndende. Kalulu ankamuona ngati dothi lokhala ndi miyendo.

Loweruka lina, iye akupukuta mashelefu, pansi pa tebulo panangoti phaa! Magetsi n'kuthima. Batire anatulukamo ngati waponyedwa, nakadziunjika pakona, ndevu za mbali imodzi zitapsa. Anali ataluma chingwe cha nyale ya patebulo. A Khutu anagwada n'kumunyamula.

"Mwaona, bambo? Mwaonatu?" anatero Ukhondo. "Lero ndi ndevu za kalulu, mawa ndi nyumba, mkucha ndi inu. Kalulu ndi nyama ya panja. Munamuonapo kuti kalulu wokhala m'shopu ngati kasitomala?"

"Wazolowera muno, mwanawe."

"Azolowera kunjanso. Kuli mpweya, kuli dzuwa. Ndikuwaitana amalume."

A Khutu akanatha kukana. Koma fungo la ndevu zopsa linali lidakali m'mphuno, ndipo mantha anawatseka pakamwa. Anangoti, "Chabwino."

Amalume akewo ndi a Chitsulo, mlongo wake wa malemu, wowotcherera zitsulo kuseri kwa mzere wa mashopu. Munthu wa mtima wabwino, mutu wouma ngati zimene amawotchererazo. Amayankhula mokuwa chifukwa nyundo inawagonthetsa, ndipo amakhulupirira kuti chinthu chilichonse chopangidwa ndi thabwa ndi nthabwala. Kwawo mpando ndi wachitsulo, bedi ndi lachitsulo, moti akazi awo akamadandaula msana iwo amati vuto ndi msanawo. Atamva nkhani ya kalulu anamenya pachifuwa.

"Alamu, siyirani ine! Ndimupangira khola loti ngakhale zidzukulu zake zidzalipeza!"

Analipangadi. Mafelemu achitsulo chokhuthala, ngati akusungiramo mkango. Pansi anayala waya wa sefa kuti ndowe zizigwa zokha. Pamwamba lata. Kenako analipaka penti yakuda bii, poti ndi imene inatsala pa geti ya munthu wina. Analiimika kubwalo la kuseri, motsamira khoma limene dzuwa limaswerapo kuyambira masana mpaka kulowa, pafupi ndi ngalande ndi migolo ya zinyalala. Mkati munalibe pobisala, munalibe pogona pofewa, munalibe kanthu. Koma loko analipo, wamkulu ngati chibakera. Anthu anabwera kudzaona n'kumayamikira, "Koma ndiye ndi lolimba!" Inde, lolimba. Uvuni nawonso umakhala wolimba.

Lolemba m'mawa Batire analowa m'nyumba yake yatsopano. Galu wa pashopu yoyandikana anafika nthawi yomweyo, naima pansi pa khola n'kumauwa chokweza mutu. Kalulu anazungulira kufuna pobisala, osapapeza, nayamba kumenya sefa ija ndi miyendo yakumbuyo. A Khutu anathamangitsa galu. Atangolowa m'shopu galu anabwerera.

Lachiwiri masamba anafota m'mbale osakhudzidwa. Ntchentche za kumigolo zinali zitamva kale za mlendo. A Khutu anapita kwa mlamu wawo.

"Alamu, sakudyatu."

"Mwati?"

"Ndati sakudya!"

"Akuzolowera! Ngakhale ine nditasamuka nyumba sindinadye masiku awiri!"

Bodza lenileni, a Chitsulo sanaphonyepo chakudya chibadwire. A Khutu anaimbira mwana wawo, iye nati, "Musamulekerere, bambo, akukuyesani dala. Njala ikamupweteka adya." Ukatswiri wonsewu wochokera kwa anthu awiri amene sanagwirepo kalulu ndi manja.

Tsiku limenelo a Khutu anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Anagunditsa khutu pawayilesi ya kasitomala, natsinzina, osamva kalikonse. Khutu linali kubwalo. Kumapazi kunali kozizira ngakhale kunja kunkatentha. Anauza mwini wayilesi kuti abwere sabata yamawa.

Lachitatu kunatentha mochita kusungunula phula. Dzuwa litangopendeka, a Khutu anatuluka ndi madzi, ndipo anapeza Batire atagona chammbali, atatambasuka, mutu atautukula, akupuma mwawefuwefu, kukamwa kuli konyowa. Atagwira loko anachotsa dzanja msanga, anali ngati wachoka pamoto. Anakuwa, munthu amene mawu ake okweza msewu sunawamvepo. A Chitsulo anafika akuthamanga, magalasi owotchererera ali pamphumi.

"Aa, wangotenthedwa uyu! Dikirani!"

Anabwerera ku shedi kwawo n'kutulukira ndi ndowa ija amaviikamo zitsulo zofiira, atathiramo madzi ozizira a m'firiji ya pagolosale. Kwa a Chitsulo chinthu chikatentha mankhwala ake ndi amodzi, uchiviike chilire tswee, nkhani yatha. Zaka makumi anayi akhala akutero ndipo palibe chitsulo chinadandaulapo.

"Bweretsani kuno, alamu, timuviike!"

"Musamukhudze."

"Mwati?"

"Ndati chotsani ndowa yanuyo! Ameneyu si nkhwangwa!"

A Khutu sankadziwa za mabuku a ziweto, koma ankadziwa kuti chinthu chanthete chikatentha suchidzidzimutsa. Anamutengera Batire pamthunzi wa m'shopu, nanyowetsa kansalu kopukutira magalasi, n'kumamupukuta makutu pang'onopang'ono, poti makutuwo ndi amene ankatentha koposa. Kenako anachita chimene amachidziwa. Anamukumbatira, nagunditsa khutu pamimba pake, natsinzina. A Chitsulo anatsegula pakamwa, chala n'kuwakwezera.

Mimba imeneyi a Khutu ankaidziwa. Madzulo ambiri Batire akawagonera pachifuwa ankaimva ikuchita kulukulu ngati wayilesi yofunafuna siteshoni. Lero munali zii. Anasuntha khutu kumanzere, kumanja. Zii.

"Yazima," anatero. "Mkatimu mwazima."

Anakhuthula bokosi la wayilesi yakale yamatabwa, nayalamo thaulo, namugoneka. A Chitsulo, manyazi atayamba kuwapeza, analiza njinga yawo yamoto. Anadutsa msewu wonse, wowotcherera kutsogolo, wokonza mawayilesi kumbuyo atafungatira bokosi, anthu a m'makhonde akuseka kuti madala apenga, akuthamangitsira wayilesi kuchipatala. Anthu omwewo amene anayamikira khola.

Dokotala wa ziweto anali mayi wamfupi, wa magalasi ochindikala, wosadziwa kunyengerera. Anamuyeza Batire, namubaya jekeseni wa madzi pansi pa chikopa ndi wina woletsa ululu, namuika pamalo ozizirira bwino. Atatero anatembenuka.

"Khola anapanga ndani?"

A Chitsulo anaimika chifuwa. "Ine, adokotala. Chitsulo chokhachokha."

"Denga?"

"Lata."

"Pansi?"

"Sefa."

"Mthunzi?"

A Chitsulo anayang'ana kudenga.

"Bambo, inu munapanga chiwaya. Kalulu satuluka thukuta ngati inu. Kutentha amakutulutsira m'makutu, ndipo kukamuchulukira amafa masana omwewo. Taonani mapazi awa, ayamba kale kusupuka ndi sefa yanuyo. Taonani kumbuyo kuno." Anakweza kamchira. "Timazira ta ntchentche iti. Mukanachedwa tsiku limodzi, mphutsi zikanayamba kumudya wamoyo. Nanga galu ankafika?"

"Ankangouwa," anatero a Chitsulo.

"Ankangouwa. Kalulu amatha kufa ndi mantha okha, galu asanamukhudze n'komwe. Panja kalulu amakhala, inde, koma pamthunzi, popita mphepo, pansi pofewa, pokhala ndi pobisala, ndiponso atabayitsa katemera, poti udzudzu ndi utitiri zimanyamula matenda. Inu munampatsa chiyani pa zonsezi?"

"Loko," anatero a Khutu chapansipansi.

"Ndimafuna kumuviika m'madzi ozizira, alamuwa anandiletsa," anaulula a Chitsulo, poti munthuyu bodza lalikulu salitha.

"Akanafera m'ndowamo. Mtima ukanangoima."

A Khutu anayamba kumva kukoma, koma dokotala anali asanamalize. Anatsegula kukamwa kwa Batire ndi kachitsulo, nawaitana.

"Inunso bwerani, musaime ngati mngelo. Mano awa mukuwaona? Atalika, ayamba kumucheka tsaya. Mumamudyetsa chiyani?"

"Masamba. Ndi buledi pang'ono."

"Ndi chiyani china?"

"Bisiketi. Akapempha."

"Akapempha! Udzu wouma?"

"Udzu? M'shopu?"

"Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, bambo. Chowaperesa ndi udzu, tsiku lonse, tsiku lililonse. Udzu womwewo ndi umene umayendetsa mimba. Inu mwamunenepetsa ndi buledi mpaka sakutha kudzinyambita kumbuyo, n'chifukwa chake ntchentche zinamupeza msanga. Ndevu zopsazi analuma waya wa magetsi, ndipo sanalume chifukwa cha mwano, amafuna chotafuna. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimakonza mawayilesi."

"Ndiye amapuma utsi wa mtovu wanu wowotcherera mawaya pansi pa tebulo. Kunja alamu anu amamuwotcha, m'nyumba inu mumamupha mwaulemu. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mumachita pang'onopang'ono."

Mawu amenewo anawalowa a Khutu mpaka m'mafupa. Akanakhala wina akanayamba kudziteteza, monga amachitira anthu a mumsewu muno akagwidwa. Iwo anangovula chipewa.

"Achira, adokotala?"

"Sindikulonjeza. Kutentha kwatsika, koma mimba inaima, ndipo kalulu mimba ikaima nthawi yaitali sabwerera. Ndani anazindikira kuti yaima?"

"Ndinamvetsera."

Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndi khutu? Chabwino. Pamenepo ndiye mwaposa anthu ambiri obwera muno. Mano tidzawaona akapeza mphamvu. Tengani sirinji iyi, muzimumwetsa phala la udzu ili pang'onopang'ono. Chizindikiro ndi chimodzi, ndowe. Mukaona timibulu, wabwerera. Kukacha mawa popanda kanthu, mubwere nayenso, koma mukonzekeretu mtima."

Anabwerera kushopu dzuwa lidakalipo. A Khutu anakoka chitseko, nazimitsa chowotchera mtovu, nayala bulangete pansi. Ukhondo anafika atathawa kuntchito, nsapato zazitali zili m'manja. Anayamba ndi mawu, monga mwa nthawi zonse.

"Koma bambo, kutseka shopu chifukwa cha kalulu? Akafa tigula wina, amagulitsa pamsika."

A Khutu sanakweze mutu. Anali akudontheza phala m'mbali mwa kamwa ya Batire.

"Ameneyu anabwera m'dengu la amayi ako," anatero. "Pamsika alipo wina wobwera m'dengu limenelo?"

Ukhondo anaika nsapato zija pambali. Anayang'ana siketi yake yoyera, nayang'ana pansi pa shopu pamene wakhala akupanyoza zaka zonsezi, nakhala pansi pomwepo.

"Bweretsani sirinjiyo, ndimumwetse ine."

A Chitsulo anasowa kwa kanthawi, nabwera ndi thumba la udzu wouma lalikulu loti ng'ombe ingakhute. Munthuyu sadziwa kuchita chinthu pang'ono.

M'mawa kutacha, Batire anali adakali pakona, maso otseguka theka. A Khutu anagunditsa khutu. Anakhala nthawi yaitali, chala chili m'mwamba, mwana ndi mlamu ataima ngati zipilala. Kenako nkhope yawo inasuntha.

"Ikufunafuna siteshoni," ananong'ona.

Koma timibulu panalibe. Anadikira. Kasitomala anagogoda, a Chitsulo namukuwira kuti kuno kuli odwala. Dzuwa litakwera pang'ono Batire anadzuka, nadziwongola, nakoka kaudzu kamodzi n'kuyamba kutafuna monyinyirika ngati akuwachitira chifundo. Atasuntha, pabulangete panatsala timibulu titatu, tating'ono, touma, tokhota.

Anayamba kutiona ndi Ukhondo. Mayi wa sopo uja, amene sagwira chitseko cha basi wopanda kansalu, anatitola ndi zala zake n'kutiika pachikhatho.

"Bambo! Bambo, taonani! Wachita!"

A Chitsulo anamva bwinobwino ulendo umenewu. Anatuluka panja n'kulengeza kumsewu wonse kuti kalulu wachita chimbudzi, anthu n'kumadabwa kuti chasangalatsa n'chiyani. Asiyeni, sangamvetse.

Tsono nkhani ya mawaya inali idakalipo, ndipo Ukhondo sanalakwitse pamenepo, nyumba ikanapsadi. Kunja Batire sakanabwerera. M'nyumba momwe munalili sakanakhalamo. A Khutu anayang'ana mawaya awo, amene kwa zaka makumi atatu sanalole munthu kuwasuntha, nayang'ana kalulu.

"Alamu, khola lija likadalipo?"

"Mwati? Khola? Ndikaliphwanya lero lomwe!"

"Ayi. Lilowetseni muno."

Anthu anayi ndi amene analinyamula. Analiimika pakona ya shopu, ndipo a Khutu anayamba kuzula mawaya pansi pa tebulo, m'mphepete mwa khoma, paliponse pamene dzino lingafike, n'kumawaunjika m'kholamo pamodzi ndi mabatire akale ndi mtovu. Otsala, ofunika kugwira ntchito, a Chitsulo anawalowetsa m'mapaipi n'kuwakhomera m'mwamba. Tebulo lowotcherapo linasamukira pazenera kuti utsi uzituluka. Mankhwala opopera a Ukhondo analowa m'khola momwemo, iye osatsutsa. Pomaliza a Khutu anatseka ndi loko wamkulu uja.

Mpaka lero mukalowa m'shopumo mudzapeza khola lakuda lolimba, mawaya ali m'ndende, kalulu akuyendayenda mfulu pamphasa, udzu uli m'bokosi la wayilesi yamatabwa. Kubwalo amatulukako m'mawa kukadali kozizira, pamthunzi, a Khutu ataima pambali ndi ndodo yodikirira galu. Mano anakaperesedwa, katemera anabayitsa. Buledi anasiya, ngakhale amapemphabe, ndipo a Khutu amadyera wawo kuseri kwa katani ngati wakuba.

A Chitsulo akamadutsa amaima pakhomo n'kuloza khola lija monyadira.

"Ndinakuuzani, alamu! Lolimba! Waya wathawapo ngakhale mmodzi?"

Nanga a Khutu? Amakhala atagwada pamphasa, khutu lili pamimba ya Batire, chala chili m'mwamba.